Phazi Langa ndi Beseni la Mgonero

Chizindikiro choyamba chinali ludzu. Ndinkamwa madzi ngati munthu wochokera kumunda, pomwe ntchito yanga inali yokhala pansi kukazinga vitumbuwa pamsika ku Kanyama. Kenaka mapazi anayamba kuchita dzanzi. Ndinkangoti ndi ukalamba. Inali nthawi ija makampani ankatsekedwa motsatizana, ndipo amuna anga, atate ake Tamara, anali atachotsedwa ntchito kufakitale. Nyumba yonse inkadya za m'chiwaya changa, ndiye za mapazi ndikanadandaulira ndani?

Kumapeto kwa Febuluwale madzi a mvula anadzaza komboni monga amachitira chaka chilichonse. Tinkayenda modumpha panjerwa zimene anthu amandandalika m'madzi. Tsiku lina nditafika kunyumba ndinaona magazi pa patapata wanga. Kachidutswa ka lata kanali katandicheka kunsi kwa chala chaching'ono, ine osamva kalikonse. Ndinatsuka ndi madzi amchere, n'kumangapo kansalu. Chilondacho sichinkapweteka, koma sichinkaumanso. Chinayamba kutuluka mafinya, kenaka fungo.

Ine ndimapemphera tsiku la Sabata. Kwathu Mgonero wa Ambuye umabwera pakatha miyezi itatu, ndipo tisanadye mkate timayamba tasambitsana mapazi, amayi kwaokha, abambo kwaokha. Aliyense amapeza mnzake, wina n'kukhala pabenchi, wina n'kugwada ndi beseni. Mnzanga wa zaka zonse anali Amake Tisa. Tonse ndife a ku Chadiza, ndipo tinapezana muno mu Lusaka tili atsikana ongokwatiwa kumene. Ndi mayi wa pakamwa posakhala chete. Akagwira chidendene changa ankanong'ona kuti, "Amake Tamara, ichi chingapale mphika," ine n'kumadziluma mlomo kuti ndisaseke pakati pa nyimbo.

Sabata la Mgonero wa mu Malichi ndinadzuka m'mawa, ndinasita diresi, ndinavala. Nditawerama kuti ndivale nsapato, fungo lija linandipeza. Ndinaganiza za benchi lodzaza amayi, za madzi oyera a m'beseni, za thaulo loyera. Ndinachita manyazi, sindinama. Ndinavula diresi, n'kutumiza uthenga woti ndili ndi malungo. Tchalitchi chathu sichili patali, ndipo nyimbo zinkandipeza ndili pabedi. Ndinkadziwa kuti tsopano akutulutsa mabeseni, tsopano akunyema mkate. Ndinalira ngati mwana wosiyidwa paulendo.

Mwana wanga Tamara anabadwira m'tauni muno, ndipo amapemphera ku mpingo wa Pentekosite umene unkasonkhana m'kalasi ya sukulu. Iyeyo ndiye anazindikira, chifukwa ankandichapira zofunda. Anabwera ndi abusa ake, mnyamata wa mawu ngati wailesi, atanyamula kabotolo ka mafuta. Anandidzoza pamphumi, anapemphera mpaka oyandikana nafe anatuluka m'nyumba zawo. Atamaliza anayang'ana nsalu ya kuphazi ija n'kunena kuti, "Amai, tapemphera. Manje mailo pitani ku kiliniki." Ndinavomera ndi pakamwa pokha kuti mawa ndipita. Ndinkaopa kusiya malo anga pamsika.

Mu Meyi thupi linatentha, mwendo unatupa mpaka m'bondo, ndipo zala ziwiri zinada bii. Minibasi sizinkalowa kwathu chifukwa cha maenje, choncho amuna anga anandikweza pa wilibala mpaka kumsewu. Kukiliniki anandibaya chala cha kudzanja, n'kundiuza kuti ndili ndi matenda a shuga, ndipo ndakhala nawo nthawi yaitali. Nesi atamasula nsalu anangoti, "Amai, mwenze kuti masiku yonse aya?" Tsiku lomwelo ananditumiza kuchipatala chachikulu.

Kumeneko anandiika diripi ndi kundiyambitsa jakisoni wa shuga. Dokotala anaona phazi nati, "Vikumo viwiri ivi vinafa kudala. Tizayesa kupulumusa phazi." Zala ziwirizo anazidula patangopita masiku ochepa. Koma bala linakana kutseka, ndipo anati ndiyenera kubwereranso kufiyeta, kuchipinda cha opareshoni, kuti akachotse mnofu wina wowola. Apa ndi pamene ndinaphunzira kudikira. M'mawa kukacha ankatiyeza shuga, kenaka jakisoni, kenaka phala. Madokotala akadutsa, otsuka mabala ankabwera ndi tebulo lawo la matayala. Nthawi zina bandeji kunalibe, ndipo achibale ankauzidwa kuti akagule okha. Tamara anagulitsa mbaula yanga imodzi chifukwa cha zimenezo.

Pabedi la pambali panga pankagona Bana Chanda, mayi wa Chibemba, wa Chikatolika, amene anathyoka chiuno. Kolona sankamusiya m'manja. Lamulungu lililonse kunkabwera bambo wina wa kutchalitchi kwawo ndi kachikwama kakang'ono pachifuwa. Ankayala kansalu koyera pa kabati, n'kupemphera motsitsa mawu, n'kuwaika Ukaristia palilime. Bana Chanda ankatsinzina, nkhope n'kukhala phee. Ine ndinkayang'ana kukhoma, koma mtima unkandiwawa ndi nsanje yeniyeni. Tsiku lina Bana Chanda anapempha bamboyo kuti andigawireko. Iye anafotokoza mwaulemu kuti malamulo a mpingo wawo salola, ndipo ine ndinamvetsa, chifukwa nafenso tili ndi athu. Anandisanjika dzanja pamutu n'kundipempherera. Ndinathokoza, koma njala ija inali pomwepo.

Amake Tisa ankabwera akapeza ya basi, atanyamula masamba owiritsa opanda mafuta. Ankakamba za onse a kukomboni, wakuti wabereka, wakuti wathamangitsidwa m'nyumba ya lendi. Za phazi sanafunse ngakhale kamodzi, ndipo bandeji sankaliyang'ana n'komwe. Ndinadziwa kuti ndawakhumudwitsa.

Opareshoni yachiwiri inkangosunthidwa. Ankandiuza kuti ndisadye kapena kumwa kanthu, ndikhale wokonzeka. Ndinkakhala choncho mpaka madzulo, kenaka nesi n'kubwera kudzanena kuti kwabwera anthu ochita ngozi, kapena kuti zipangizo zina zatha. Kumapeto kwa Juni, Sabata la Mgonero, anandiuzanso kuti ndisadye. Masana ndinangoona Amake Tisa akulowa m'wodi limodzi ndi mkulu wa mpingo ndi adikoni aakazi, atanyamula mbale yovundikira ndi nsalu yoyera. Anali atanditengera mkate ndi madzi a mphesa kuchokera ku Kanyama. Mayo ine, ndinadzuka n'kukhala tsonga! Koma nesi anaima pakati. "Pepani, aba sibafunika kudya olo kang'ono. Bangaitaniwe nthawi iliyonse." Mkuluyo sanatsutse. Anaimba nyimbo imodzi, anapemphera, n'kubwerera ndi mbale yawo yosavundukula. Madzulo ake nesi anandiuza kuti za opareshoni lero sizitheka.

Tsiku limenelo ndinakwiya ndi aliyense, ngakhale ndi Mulungu. Bana Chanda anatambasula dzanja kuchokera pabedi lawo n'kugwira langa. Anapemphera Atate Wathu m'Chibemba, ine ndinkatsatira m'Chichewa, ndipo tinamalizira pamodzi. Misozi inasiya, koma kunena zoona sindinakhute.

Anandipanga opareshoniyo mlungu wotsatira, ndipo inayenda bwino. Mnofu wofiira unayamba kumera. Mu Julayi ananditulutsa, ndipo ndinkapita kukiliniki kukatsukitsa bala mpaka linatseka. Dokotala anandilangiza kuti ndisamayende wopanda nsapato, ndiziyang'ana mapazi tsiku lililonse, ndipo ndisamawaviike m'madzi nthawi yaitali.

Mu Seputembala ndinamva kuti amuna a Amake Tisa nawonso achotsedwa ntchito, ndipo banja lonse likubwerera ku Chadiza mvula isanagwe kuti akalime. Mgonero wa mwezi umenewo unali womaliza kuti tikhale pamodzi. Ndinapita ndikutsimphina, nditavala nsapato za nsalu. Itakwana nthawi ya mabeseni ndinakhala pabenchi n'kuvula nsapato ya kumanzere yokha, ya phazi labwino. Amake Tisa anagwada, anasambitsa, anapukuta. Kenaka anandiyang'ana n'kutambasula manja. Ndinavula inayo. Ndinawanong'oneza zimene dokotala ananena. Iwo anaika phazilo pamiyendo pawo, pa chitenje chawo chatsopano, ananyowetsa thaulo n'kuyamba kulipukuta pang'onopang'ono, pa chipsera, pakati pa zala zitatu zotsala. Sanaseke, sanandinyodole za chidendene. Anati, "Phazi ili ndimalidziwa kupambana inu eni ake. Mu Malichi muja ndinadikira ndi beseni mpaka nyimbo inatha. Mukanangondipatsa, ndikanakutengerani kuchipatala tsiku lomwelo."

Ndinagwada nanenso, movutika, n'kusambitsa awo. Titabwerera m'tchalitchi ndinalandira kamkate kaja, kakang'ono ngati chikhadabo, ndipo ndinakatafuna nthawi yaitali.

Lero ndili bwino ndithu. Ndimamwa mankhwala a shuga, ndimapita kukapimidwa kukiliniki mwezi ndi mwezi, ndipo ndinabwerera pamsika, ngakhale vitumbuwa ndimangokazingira ena. Bana Chanda anachira, ndipo tinayenderana kangapo. Amake Tisa sindinawaonenso chichokereni. Timangotumizirana moni kudzera mwa anthu a mabasi. Ndimawasowa kwambiri, makamaka akayamba kutulutsa mabeseni.

Inu amene mukumva ludzu losatha, kapena mapazi akuchita dzanzi, kapena muli ndi kachilonda kosauma, pitani mukayezetse msanga. Kusapweteka sikutanthauza kuti kachilondako n'kakang'ono. Pempherani monga mumapempherera kumpingo kwanu, koma mukatero nyamukani. Ndipo ngati mukuchita manyazi ndi fungo, onetsani munthu mmodzi amene amakukondani. Wanga anali atagwada kale ndi madzi, ine ndili kunyumba nditatseka chitseko.