Eda ya a Zena

Zinayamba m'nyengo yozizira ya 2016. A Zena Jaffalie, telala wa ku Malindi, anaona kuti phazi lamanja silikumva chopondera cha makina. Kenaka diso limodzi linachita chifunga. Madokotala ku Blantyre anati ndi nthenda ya mitsempha ya muubongo ndi mumsana, yomwe imabwera n'kubisala, n'kudzabweranso. Anawalangiza kumwa mapiritsi tsiku lililonse, ngakhale pamene thupi lili bwino, chifukwa akasiya adzataya miyendo.

Analibe mwana. Amuna awo, a Wadi, ndi amene ankawakweza pa njinga miyezi iwiri iliyonse kupita kuchipatala ku boma, kumene mankhwalawo ankaperekedwa kwa mwiniwake yekha, akamupima magazi. Zaka zinadutsa a Zena akuyenda ndi kusoka, mpaka anthu anaiwala kuti amadwala.

A Wadi anamwalira pa 3 Febuluwale 2023. A Zena analowa eda, nthawi imene mkazi wamasiye wa Chisilamu amakhala m'nyumba kulira mwamuna wake. Makina anawaphimba ndi nsalu. Alendo a maliro atabalalika, ankangomva mabelu a njinga pamsewu, koma palibe yoima pakhomo.

Mu Malichi mapiritsi anatsala ochepa. Anauza a Awa, alongo ake a malemu, amene ankabweretsa chakudya.

"Alamu, ndiyenera kupita kuchipatala."

"Kuchipatala? Inu amene mukusesa nyumba yonseyi?" anatero a Awa. "Dothi la pamanda silinaume, mukakwere kabaza, kugwira mwamuna wa eni m'chiuno, Malindi yonse ikuona?"

"Ashehe anati wodwala amaloledwa kutuluka."

"Ashehe satunga nafe madzi pamjigo. Kumeneko ndi kumene mudzayankhe."

A Zena sanabwerezenso. Ankamwa piritsi lero, mawa n'kudumpha. La kumapeto anamwa pa 9 Epulo. M'mawa uliwonse ankayenda kuchokera pamphasa kufika pachitseko, kuyesa phazi, n'kubwerera. Pakati pa Meyi anayamba kugwira khoma. Sanauze munthu.

Eda inatha pa 12 Juni. Azimayi a m'mudzi anabwera ndi zovala zatsopano kuti awatulutse.

"Dzukanitu alamu, dzuwa likudikira!" anatero a Awa akuseka.

A Zena anagwira khoma, anadzikoka, n'kukhalanso pansi. Kuseka kunatha. Anawatulutsa atawanyamula awiri.

Kuchipatala anawayambitsanso mankhwala. Diso linayera, mwendo wamanzere unabwerera pang'ono, koma wamanja, wopondera makina uja, ayi. Mapiritsi sanadumphenso ngakhale tsiku limodzi.

Alongo awo, a Mustapha, anabwera kuchokera ku Chiponde kudzawatenga. Anafunsa za makina.

"Asiyeni, achimwene," anatero a Zena. "A Awa ali ndi miyendo."

Anachoka ku Malindi pa 2 Julayi 2023.