Tiana ta Nsomba za Adada

Adada atapuma ntchito ku Kanengo, anagula thanki yagalasi kwa banja lina limene linkasamuka ku Area 47. Anabwera nayo pa minibasi ataikumbatira pamiyendo, n'kudzaiika pabalaza pathu ku Area 25. Munali nsomba zinayi zofiirira, zija amati zagolide.

Chimene ankalakalaka n'chakuti ziswane. Nyengo yotentha zinkaikira ndithu, koma zinkadya mazira awo omwe munthu asanawaone n'komwe. Amayi atamwalira ndinabwerera pakhomo kudzakhala nawo, ndipo ndinapeza atayamba kuiwalaiwala. Ankafunafuna magalasi ali kumaso. Lachitatu lina anavala jekete, Baibulo kukhwapa, ati akuchedwa kumapemphero a Sabata. Koma za nsomba zokha mutu unkagwira. Anandiuza kuti ndimasule juzi yakale, ndimange ulusiwo pamodzi, ndiponye m'thanki kuti mazira azikakamira pamenepo.

M'mawa wina mu Okutobala ndinapeza ulusi uja uli ndi timadontho tonga mchenga. Ndinauvuula msanga n'kuuika m'beseni la madzi. Patapita masiku anayi, m'mbali mwa beseni munali tinthu tating'ono ngati nsidze, tili ndi maso. Adada anagwada pasimenti n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Aswa, mwanawe," anatero. "Aswadi."

Kadyetsedwe anandiphunzitsa okha: kachikasu ka dzira lowiritsa, kongokwana pansonga ya machesi. Ukapyola apo madzi amawola, tiana n'kufa. Anafotokoza momveka bwino ngati kale lija. Koma nditangotuluka kukayanika zovala, pobwera ndinawapeza akunyenyera theka la dzira m'besenimo.

"Adada, tadya kale timeneti."

"Liti? Taona mmene tikuyasamulira. Tili ndi njala."

Ndinabisa mazira, iwo anatenga buledi. Nditabisa buledi, anakatapa mgaiwa. Ndinalemba papepala ndi zilembo zikuluzikulu kuti TADYA KALE n'kumata pabeseni. Anawerenga mokweza, kuvomereza ndi mutu, n'kulowera kukhitchini kukasaka chakudya.

Ine ndinkasoka zovala kumsika mpaka masana. Ndikafika pakhomo, madzi ali mbuu ngati thobwa. Ndinkawatapa ndi kapu pang'onopang'ono kuti ndisatayire tiana limodzi, n'kuthiramo ena. Nawonso madzi apampopi sungangothira; amayenera kugona kaye m'ndowa kuti mankhwala atuluke. Masabata amenewo mpopi unkatulutsa lero, mawa ndi mkuja zii.

Tsiku lina ndinakhomera beseni kuchipinda kwanga n'kutenga kiyi. Pobwera, mayi woyandikana nafe anandichingamira panjira. Anati Adada aima pachitseko cha chipinda changa chichokereni ine, akugogoda, ndipo akana kukhala pansi. Nditalowa, Adada anatembenuka, misozi ikulengeza m'maso.

"Amayi, ndakulakwirani chiyani?" anandifunsa. "Ndibwezereni ana anga."

Anali asanandiitanepo choncho. Sanandizindikire. Ndinatsegula chitseko, kunyamula beseni, n'kulibwezera pabalaza.

Kuchokera apo ndinkangoona. M'mawa uliwonse ndinkaola tiana takufa ndi supuni iwo asanatuluke kuchipinda. Sabata yachitatu tinatsala tisanu ndi tiwiri, kenako tiwiri, kenako madzi okhaokha. Ndinalibe mtima wowauza. Ndinkangosintha madziwo, iwo n'kumapitiriza kunyenyeramo buledi, akuyankhula nato m'Chitumbuka motsitsa mawu.

Mvula itayamba anadwala chibayo, ndipo anagonekedwa m'chipatala masiku asanu ndi anayi. Tsiku limene anatuluka, ndinawagwira mkono mpaka pabalaza. Za beseni sanafunse. Anaima pathanki, akupuma movutikira, n'kuyang'ana nsomba zinayi zija zikuzungulira.

"Nsombazi n'zandani?"

"N'zanu, Adada."

"Ooh," anatero. Kenako anapempha kuti ndiwaperekeze akagone, miyendo yatopa.