Pulofesa wa ku Ngauma

Mwana wanga Tomasi atamaliza maphunziro a masamu ku Cuamba, anamutumiza kukaphunzitsa sekondale ku Ngauma. Ine ndinkamufunira ofesi, osati choko.

Alamu anga a ku Malawi atatichezera ku Mandimba, anamupeza Tomasi pakhomo n'kundifunsa ntchito yake.

"Ndi pulofesa," ndinatero.

Kuno mphunzitsi aliyense ndi pulofesa, ngakhale wa ana amamina. Ku Malawi pulofesa ndi mkulu wa ku yunivesite, ndipo ndinkadziwa, poti ndinakhalako nthawi ya nkhondo.

Alamuwo anavula chipewa n'kumupatsa mpando wawo. Tomasi anakana.

"Malume, khalani, ndine mphunzitsi wamba. Kapena bambo mwandikweza osandiuza?"

Ndinawerama ngati ndikumanga zingwe za nsapato. Ndinali nditavala patapata.