Dzanja la M'thumba la a Milutin

A Milutin anali kalipentala m'mudzi wina kufupi ndi tauni ya Valjevo ku Serbia, ndipo ndi iwo anatsogolera amuna pokhoma denga la tchalitchi. Kupempha sankakudziwa, ankangolamula. Amuna a kumeneko amabisa matenda ngati katundu wakuba, ndipo a Milutin anali katswiri pa zimenezo. Dzanja lawo lamanja litayamba kunjenjemera, analibisa m'thumba, anthu n'kumati ndi matama a ukalamba.

Mnzawo wa pamtima, a Radoje, amene anawanyamulira ana pa ubatizo, anadwala sitiroko. Pakamwa panapotoka, malovu ankadontha, manyazi n'kuwatsekera m'nyumba. Anasiya tchalitchi, kenako anayamba kukana chakudya. A Milutin anaona kuti mnzawoyo akungodikira tsiku la imfa, ndipo zinawapweteka.

Inafika slava, tsiku limene banja la a Milutin limakumbukira Nikola Woyera. Patsikuli mwini nyumba sakhala pansi kandulo ikuyaka, amaimirira n'kumatumikira alendo. A Radoje anatumiza mawu kuti sabwera. A Milutin anawalondola kwawo, n'kuwapeza atagona choyang'ana kukhoma. Sanawalalikire. Anangotulutsa dzanja lija m'thumba n'kuliika pabulangeti, likugwedezeka lokha.

"Taona, m'bale wanga. Buledi wa slava ndikamugwetsa pamaso pa wansembe. Iwe dzanja lako labwino ndi lamanja, ine lamanzere. Dzuka, ndithandize."

"Chitsiru iwe," anatero a Radoje movutikira. "Ndimayesa ukubisamo fodya."

Anadzuka ndithu, n'kupitira limodzi kwa a Milutin. Wansembe atadula mtanda pabuledi n'kuthirapo vinyo, awiriwo anazunguza buledi uja limodzi monga mwa mwambo, aliyense ndi dzanja limodzi, ndipo sanagwe.

Koma msuzi utabwera, a Radoje anakankhira mbale kutali, kuopa kuti anthu awaona akudonthetsa. A Milutin anayang'ana kandulo ija, imene bambo awo ndi agogo awo ankaiimirira mpaka kuzima. Anakoka mpando, nakhala pansi pafupi ndi mnzawo. Supuni anaigwira ndi dzanja lodwalalo, msuzi n'kuyenderera pamalaya oyera, amuna onse amene ankawalamula aja akuona.

Akazi awo, a Desanka, anathamangira ndi kansalu.

"Usapukute, Desanka," anatero a Milutin.

A Radoje anayang'ana malaya aja nthawi yaitali. Kenako anakokera mbale yawo pafupi.