Dzanja Loimitsa Msewu

Amuna anga sanazolowere kulamula munthu. Anakulira kwa amalume awo, akudya pomalizira, ndipo ntchito zawo zonse zinali zonyamula: simenti, makatoni, katundu wa apaulendo. Kampani yofufuza mafuta pansi pa nthaka itabwera, inawalemba ntchito yozika timakutu tachitsulo ta mawaya m'mbali mwa msewu.

Anandifotokozera tikudya. Galimoto yaikulu imagwedeza nthaka, kugwedezako kumatsika, kukagunda miyala n'kubwerera, timakutu n'kumva. Akatswiri ankafuna kudziwa ngati chotumphuka chimene anachiona pakompyuta ndi thanthwe losunga mafuta, kapena phiri lakale lophulika moto limene linakwiririka. Kuboola phiri lotere n'kudzivutitsa chabe. Koma timakutu timamvanso mapazi a anthu, ndiye galimoto ikamagwedeza, aliyense aime.

Kenako a kampani anawapatsa amuna anga vesiti yowala ndi wailesi yam'manja, kuti aziimitsa anthu mumsewu mwathu. Akakweza dzanja, ngakhale a telala oyandikana nafe ankasiya kupalasa makina.

"Bwana, nanga kupuma tipume?" ankawaseka choncho a telala. Iwo ankangomwetulira. Ndinali ndisanawaonepo akuyenda mowongoka chotero.

Tsiku lina masana mwana wathu anatentha thupi, kenako anauma, maso atatembenuka. Ndinamunyamula n'kutuluka wopanda nsapato. Galimoto inali itayamba kulira.

Amuna anga anandiona. Anaonanso mwanayo. Dzanja linakwera.

Ndinaima. Nthaka inkanjenjemera kumapazi kwanga, mwana ali gwa m'manja, anthu onse maso ali pa ife.

"Mayi inu thamangani, awa yawalowa m'mutu ntchito," anatero a telala akundikankha.

Kuchipatala anamubaya jakisoni, thupi linamasuka. Bambo ake anafika atavula vesiti, n'kuima pakhomo la wodi.

"Ndinu ndani wake?" anafunsa nesi.

"Bambo," anayankha chapansipansi.

"Ndiye mukudikira akunyamuleni? Lowani."

Anakhala kumiyendo kwa bedi, maso pansi. "Amake mwana, wailesi inali itanena kuti..."

Ndinkafuna kuwalalatira, koma ndikanayambira pati? Nanenso ndinali nditaima. Ndinangowapatsa kansalu konyowa kuti amupukute pamphumi.

Anapukuta kwa nthawi yaitali. Kenako anafunsa osandiyang'ana, "Akadzakula mudzamuuza?"

"Ine ayi," ndinatero. "Koma msewu wonse unaona."

Anaviikanso kansalu m'madzi, n'kupitiriza kupukuta.