Mawu Amodzi M'pulopozo ya Manyowa

Ine ndine munthu wa mtima wapachala, ndipo sindibisa. Ntchito ziwiri zinandithera chifukwa cha pakamwa pangapa: ya kosungira fodya ku Kanengo ndi ya udalaivala pa kampani ina yomanga nyumba. Yachitatu ndi imene ndikugwira mpaka lero, koma nayonso inatsala pang'ono kundipulumuka chaka choyamba chisanathe.

Amene anandilemba ndi mayi ena a ku Area 25, aja anthu amawatcha makonsotanti. Boma likalengeza kuti lili ndi thandizo la kafukufuku, mayunivesite ndi mabungwe amalemba chikalata chonena zimene akufuna kufufuza, chifukwa chake, ndi mmene adzachitire. Chikalatacho ndiye pulopozo. Ophunzira ambiri kufufuza amatha, koma kupempha kumawavuta. Amalemba masamba makumi atatu osanena chimene akufuna. Ndiye amabwera kwa madamu, madamu n'kudula apa, kufunsa apo, mpaka chinthu chimveke.

Ofesi inali chipinda chochezera cha nyumba yawo yomwe. Munali tebulo lalitali, makina osindikizira ndi ketulo yosazizira. Ine yanga inali kuyendetsa galimoto, kukamangitsa mapepala, ndi kuthamanga ndi maenvelopu nthawi yotsekera isanakwane. Ndinkaikonda ntchitoyi. Munalibe kapitawo woima kumbuyo kwako. Madamu atadziwa kuti ndinafika Fomu 4 ndipo Chichewa ndimalemba bwino, anayamba kundipatsa timasamba tina kuti ndizimasulira.

Nthawi ina kunabwera pulofesa wa payunivesite ina, bambo wamtali wa imvi, wolankhula pang'onopang'ono ngati akuopa kudzutsa mwana. Ankafuna kufufuza chifukwa chake anthu a ku Kawale, Biwi ndi Area 23 amataya zinyalala m'ngalande m'malo mopanga manyowa. Opereka thandizo ankafuna makalata ochokera kwa atsogoleri a m'madera osonyeza kuti amva ndipo avomera. Choncho panafunika tsamba limodzi la Chichewa lokawawerengera. A pulofesa analilemba m'Chingerezi, madamu n'kundipatsa ine kuti ndilimasulire.

M'mawa wa tsiku lokumana, tinakhala atatu patebulo. Madamu anati ndiwerenge mokweza kuti a pulofesa amve mmene zikumvekera. Ndinayamba bwinobwino. Nditafika pakati ndinawerenga kuti: "Vuto lalikulu m'madera amenewa ndi umbuli wa anthu okhalamo."

A pulofesa anaika kapu pansi.

"Ayi, ayi, abambo. Sindinalembe choncho."

"Mwalemba choncho, bwana."

"Ndalemba kuti anthu sanazindikiritsidwe mokwanira za ubwino wa manyowa."

"Kwathu kuno munthu wosazindikira timamutcha mbuli. Mawu ena ine ndilibe."

Zikanathera pompo, bwenzi zili bwino. Koma usiku wathawo chiganizo chimenechi chinali chitandikhala pakhosi ngati munga wa nsomba. Ine ndimakhala ku Area 23. Mkazi wanga anakulira m'munda ku Thyolo, manyowa anayamba kupanga asanadziwe kulemba dzina lake. Apo ndinadziwa kuti zayambika.

"Ndani sadziwa manyowa? Inu munayamba mwakumbapo dzenje? Mwalemba pepala lonseli muli pampando wa ndalema, kenako mukufuna ine ndikaime pamaso pa anzanga opemphera nawo, ndiwauze kuti ndi mbuli, asayine, inu mulandire thandizo. Mukawerenge nokha!"

Ndinamenya tebulo mpaka masupuni analira. Madamu anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi awo. Sanakweze mawu.

"Abambo, tengani makiyi. Mukawatule a pulofesa. Mukabwera tikambirana."

Mawu oti tikambirana ndinali nditawamvapo kawiri m'moyo wanga, ndipo ndinkadziwa kumene amathera.

Tinanyamuka. Ndinkayendetsa mosamala kuposa masiku onse, ndikuganiza mmene ndikamuuzire mkazi wanga kuti ntchito yachitatu yapita. Titayandikira tawuni, a pulofesa anatsokomola.

"Mwati mumakhala kuti?"

"Area 23."

"Tiyeni tidzere konko."

Ndinaganiza kuti akufuna kukandinenera kwa mkazi wanga ngati mwana wasukulu. Koma ndinakhota.

Pa poloti yathu panali nyumba zisanu za lendi zoyang'anizana, bafa limodzi, ndi chingwe chimodzi choyanikira chimene chinkayambanitsa anthu sabata iliyonse. Tinapeza mkazi wanga akuchapa. Ataona bambo wa jekete akutsika, anandiyang'ana ndi diso lofunsa kuti walakwanso chiyani. A pulofesa anapereka moni mwaulemu, n'kufunsa kumene amataya makoko a nthochi ndi masamba otsala.

"Kungalande, abambo."

"Simudziwa kuti angakhale manyowa?"

Mkazi wanga anaseka mpaka anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

"Manyowa? Ndikumbe pati? Afunseni eni poloti, ndi awo akubwera apowo."

Eni poloti anali mayi achikulire ochokera ku Mangochi, ogulitsa usipa wouma kumsika, osaopa munthu. Atamva funso anaika manja m'chiuno.

"Dzenje pa poloti yanga? Ana khumi ndi mmodzi amasewera pano. Wina akathyoka mwendo, mudzabwera ndinu ndi jekete lanulo kudzamunyamula? Ndipo ndikalola uyu, mawa onse asanu afuna lawo. Pakhala poloti kapena manda?"

Mnzathu wa nyumba yachitatu, telala, anatulutsa mutu pawindo.

"Komanso bwana, manyowa amafuna miyezi kuti apse. Ife a lendi lero tili pano, mawa tili ku Chinsapo. Ndivutike kukumba kuti adzakolole wina?"

"Ukadasamuka kale ndikadapuma," anatero eni poloti, ndipo onse anaseka.

A pulofesa anapempha mpando. Anawapatsa chigubu chamadzi chopanda kanthu, n'kukhalapo, mawondo ali m'mwamba. Anatulutsa kabuku. Anakhala pamenepo mpaka dzuwa linafika pamutu, akufunsa, akulemba. Anafunsa ngati eni poloti angalole mgolo wotseka m'malo mwa dzenje. Mayi aja anati zimenezo n'zokambirana, bola usanunkhe. Ine ndinangoima potsamira galimoto. Mkwiyo unali utatha, kunatsala manyazi.

Kenako ndinakawatula a pulofesa. Anangoti zikomo, n'kulowa.

Ndinabwerera ku Area 25 pang'onopang'ono. Ndinapeza madamu ali pa foni, akulemba mofulumira papepala. Atamaliza anandilozera mpando.

"Amenewo anali a pulofesa. Akuti tsamba loyamba lonse lichoke. Funso lasintha. Tsopano akufuna kufufuza mmene munthu wa lendi, wopanda malo ake, angapangire manyowa. Mukudziwa kuti milungu itatu ndakhala ndikuwauza kuti pulopozo yawo ilibe funso, ili ndi chiweruzo chokha? Sankandimva."

Ndinayamba kumwetulira. Anandidula.

"Musaseke. Munalakwa. Munthu amene uja ndi mlendo wanga, ndipo m'nyumba muno simumenyedwa tebulo. Akanakhala wina, bwenzi atanyamula mapepala ake, ine n'kutaya ntchito, inunso n'kutaya yanu. Mawa mukawapepese."

"Koma madamu, mawu aja..."

"Mawu aja munamasulira bwino. Ndikunena za dzanja lanu."

Ndinakapepesa. Sizinali zophweka. Ndinaima pakhomo la ofesi yawo chipewa chili m'manja, mawu akutuluka ngati akuchita kukokedwa ndi chingwe. A pulofesa anandigwira dzanja, n'kundifunsa ngati telala uja angalole kukhala m'gulu la alangizi a kafukufukuyo.

Pulopozo ija tinailemba kachiwiri m'masiku asanu ndi limodzi. Tsamba la Chichewa ndinakawerenga ndekha ku Kawale, ku Biwi ndi kwathu, mutu uli m'mwamba. Atsogoleri anasayina, ena n'kuwonjezera maganizo awo kuseri kwa pepala. Envelopu ndinakaipereka nthawi ikadalipo yambiri.

Koma za ntchito yanga madamu anali asananenebe kanthu. Sabata yonseyo ndinkalowa m'mawa ndikuyembekezera kalata yondichotsa ntchito. Lachisanu madzulo ndinasiya makiyi patebulo monga mwa masiku onse, n'kufunsa mosazungulira, chifukwa kuzungulira sindimatha.

"Madamu, Lolemba ndibwere?"

Anatsegula kabati, n'kutulutsa cholembera chofiira ndi pulopozo ina yonenepa, ya bungwe lofuna kufufuza za amayi ophwanya miyala.

"Mubwere seveni koloko, eni ake asanafike. Kuyambira tsopano pulopozo iliyonse muziyamba kuiwerenga ndinu, muli nokha, chitseko chotseka. Paliponse pamene mtima wanu wapsa, muzidula mzere pansi pake. Mukafuna kukalipa, kalipirani ketulo."

Ndinatsegula tsamba loyamba ndili chiimire. Ndisanafike pansi, ndinali nditadula kale mizere iwiri.