A Dikirani ndi Mipira Yachitsulo

Dzina loti a Dikirani analipezera pa kapinga wa kuseri kwa fakitale, pomwe akhala akutchetcha udzu kwa zaka khumi ndi zisanu. Loweruka masana antchito amasonkhana pamenepo kuponya mipira yachitsulo, kulimbirana kuti wa ndani ugwere pafupi ndi kampira kamtengo. Iwo saponya nawo. Amaima pambali chipewa chili m'khwapa, ndipo wina akangolowa pakati kukayeza kutalikirana kwa mipirayo, amakuwa kuti, "Dikirani!"

M'mawa wa tsikulo amayendera kapinga yense chowerama, kutola magalasi osweka, kukwirira timaenje, kenako n'kulemba mzere wa laimu woti oonerera asaudumphe. Wobwera atavala patapata amamubweza. Anthu amawanena kuti ndi apolisi a udzu.

Kale ankaponya, ndipo dzanja lawo linkaopedwa. Tsiku lina anaitana alamu awo, dalaivala wa basi, kuti adzasewere nawo. Alamuwo atawerama kuti ayeze ndi chingwe, a Dikirani anaponya mpira, maso ali kwa mnzawo amene ankawaseketsa. Mpirawo unafikira kuseri kwa khutu la alamuwo. Bala linapola, koma khutulo linagontha, chizungulire sichinathe, ntchito yoyendetsa basi n'kuisiya. Lero amasoka nsapato pakhonde pa a Dikirani, ndipo sasunga mangawa. "Alamu, lankhulirani mbali iyi," amatero, "inayo munatseka nokha." Onse amaseka, kupatula mwini khonde.

Chaka chatha kunabwera bwana watsopano, wachinyamata, wosakonda kudikira. Loweruka lake loyamba, mayi wa kukantini ali chigwadire pakati akuyeza, bwanayo anakweza dzanja kuti aponye. A Dikirani anakuwa, koma iye anangopitiriza. Anamudumphira n'kumugwira mkono, mpira n'kugwera pafupi ndi nsapato yake.

"Madala, mwandigwira ine?" anafunsa bwanayo.

"Pepani bwana, pali munthu apo."

"Ndamuona! Ukanadutsa pamwamba."

"Nanenso ndinkadziwa kuponya, bwana," anayankha motsitsa mawu.



Lolemba a Dikirani anaitanidwa ku ofesi. Anavala malaya ositidwa, ndipo anatsanzika mkazi wawo ngati munthu amene abwerako ntchito itatha. Bwanayo sanawapatse mpando, ndipo mawu oti pepani sanatuluke.

"Musadzandigwirenso pamaso pa antchito," anatero. Kenako anatsegula dirowa n'kuwaponyera wezulo patebulo. "Muziimba iyi. Ndiima."

Anatuluka n'kukakhala kaye pa wilibala kuseri kwa shedi.

Bwanayo amasewerabe, ndipo wezulo ikalira amatsitsa dzanja, nkhope ili gwa. Moni sawapatsa mpaka lero. Koma mayi wa kukantini, akawaona a Dikirani akubwera ndi kapu yawo, amawathirira shuga masipuni atatu osawafunsa.